Skyrim, Oblivion kapena Morrowind: muyambire pati laputopu ili yakale, bandulo ili yochepa?

Dzina lonse la gemu imene ambiri timangoitchula kuti Skyrim ndi The Elder Scrolls V: Skyrim. Ka V kali pakatipo ndi nambala 5 m'kalembedwe ka Chiroma, ndipo n'kamene kamazunguza anthu mutu. Ife tinazolowera mafilimu a zigawozigawo aja timakaikitsa mu fulashi kumsika. Ukayambira gawo lachisanu umangokhalira kuvutitsa anzako ndi mafunso: uyu ndi ndani, nanga akumudera chiyani mnzakeyu? Ndiye munthu akamva kuti Skyrim ili ndi akulu ake anayi, amaganiza kuti mwambo wake n'kuyambira pa yoyamba ya 1994. Wina amangofunsa kuti yatsopano ndi iti, n'kuthamangira imeneyo.

Njira ziwiri zonsezi zagwetsa ulesi anthu amene akanawakonda magemuwa. Ndipo kuno ku Masasa kusankha molakwika kuli ndi mtengo wake. Mumataya bandulo imene ikanakufikitsani kumapeto kwa mwezi. Mumadzaza laputopu yomweyo imene muli asayimenti kapena CV yanu. Magetsi akazima madzulo, batire yotopa ija imakupatsani ola limodzi kapena awiri basi, ndipo simungafune kuti nthawi imeneyo ithere kulimbana ndi gemu yokana kutseguka. Nkhaniyi ndalembera munthu amene ali ndi mpata woyesa kamodzi kokha.

Ndi masanje a pakompyuta

Magemu amene timawadziwa kwambiri m'makwalala muno ndi a mpira. Mumalipira, mumasankha timu, pakatha mphindi khumi wogonja amapereka padi kwa wina. The Elder Scrolls ndi mtundu wina, umene amautcha RPG. Njira yachidule yoimvetsera ndi kukumbukira masanje. Paja tinkagawana maudindo: iwe ukhala bambo, iwe mayi, iwe fisi wobwera usiku. Panalibe wopambana. Kukoma kwake kunali kukhala munthu wina kwa masana amodzi.

Mu RPG mumadzipangira munthu wanu. Mumamupatsa dzina, mtundu ndi nkhope, kenako mumamulowetsa m'dziko lopeka la malupanga, mafumu, matsenga ndi zilombo. Amayamba ali wofooka, wosauka, khoswe weniweni amatha kumugonjetsa. Luso lake limakula malinga ndi zimene inu mukumuchititsa. Mukamaponya mivi kawirikawiri amasanduka dolo wa uta. Mukamakhalira kusula zitsulo amakhala mmisiri. Maseweredwe otere anachokera ku Dungeons & Dragons, masewero a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America m'chaka cha 1974, anthu akugwiritsa ntchito pepala, pensulo ndi madayisi. Makompyuta atafala, ntchito yowerengera ija inapita kwa makina.

Gemu imodzi yotere imatha kukutengerani miyezi. N'chifukwa chake poyambira pamafunika kuganizira bwino.

Nambala zija zisakuopseni

Magemu akuluakulu a The Elder Scrolls alipo asanu, onse opangidwa ndi kampani ya Bethesda ya ku Maryland m'dziko la America: Arena ya 1994, Daggerfall ya 1996, Morrowind ya 2002, Oblivion ya 2006 ndi Skyrim ya 2011. Yachisanu ndi chimodzi anailengeza mu 2018, koma anthu akudikirabe.

Onsewa amachitikira m'dziko limodzi lopeka lotchedwa Tamriel, koma kuyambira pa Daggerfall gemu iliyonse imatenga dera lakelake, mavuto akeake, ndipo munthu amene mukumusewera ndi watsopano. Zili ngati nkhani imodzi ichitikire ku Karonga, ina ku Nsanje patapita zaka zambiri. Dziko ndi lomwelo, mayina a mafumu akale mumawamva uku ndi uku, koma simufunika kudziwa za ku Karonga kuti mumvetse za ku Nsanje. Nkhani ya Skyrim imachitika patadutsa zaka 200 chichitikire ya Oblivion. Pafupifupi gemu iliyonse imayamba inu muli mkaidi wosadziwika, wopanda mbiri. Anachita dala kuti wosewera watsopano ndi munthu wa mugemuyo ayambire pamodzi, onse osadziwa kanthu.

Choncho nambala ikhale pambali. Zofunika kuzifunsa ndi ziwiri: makina anu angakwanitse iti, ndipo inuyo mungapirire zotani.

Yambani mwafunsa laputopu yanu

Safunsa anadya phula. Musanagule bandulo, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag m'kabokosi kotulukako, kenako Enter. Muona dzina la purosesa yanu ndi kuchuluka kwa RAM. Pa tsamba la Display muona chimene chimayendetsa zithunzi. Malaputopu ambiri a kaunjika amene timagula m'tauni muno amalemba Intel HD Graphics, kutanthauza kuti alibe khadi yapadera ya zithunzi. Lembani zimenezi papepala, n'kuyerekeza ndi izi.

Morrowind imatenga malo okwana pafupifupi GB imodzi, ndipo inapangidwira makompyuta a RAM yosafika ngakhale theka la GB. Laputopu iliyonse imene ikuyaka lero ingayendetse.

Oblivion ya 2006 imatenga malo osafika GB 5 ngati ili yopanda zowonjezera zambiri. Nayonso siivutitsa makina.

Skyrim ya 2011 imafuna malo a GB 6 ndi RAM yosachepera GB 2. Pa laputopu ya Core i5 yokhala ndi RAM ya GB 4 imayenda mukatsitsa ma settings a zithunzi, ngakhale fani imalira ngati chigayo.

Skyrim Special Edition ya 2016 ndi gemu yomweyo atayikongoletsa. Imafuna malo a GB 12, RAM ya GB 8 ndi khadi ya zithunzi yamphamvuko. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, chifukwa mayina ndi ofanana ndipo masitolo a pa intaneti amaika patsogolo yatsopanoyi.

Oblivion Remastered, imene inatuluka mu Epulo 2025, ndiyo mukuiona pa TikTok ndi YouTube ikuwala ngati filimu. Imafuna malo a GB 125. Malo amenewo mungaikemo Morrowind kokwana ka 100 n'kutsalabe. Ngati mulibe kompyuta yopangidwira magemu ndi Wi-Fi yopanda malire, iyi ingoionerani pa foni.

Palinso The Elder Scrolls Online ya 2014. Imeneyo siseweredwa popanda intaneti, ndiye mwezi uliwonse izikudyerani ndalama. Zisanu zija mukangoziika m'makina, netiweki ikhalepo kapena isakhalepo, zimayenda.

Arena ndi Daggerfall: zaulere, koma si poyambira

Ziwiri zoyambirirazi zili ndi nyambo yamphamvu kwa ife: Bethesda inazipereka kwaulere, Arena mu 2004 ndi Daggerfall mu 2009. Ndi zazing'ono, bandulo ya tsiku limodzi ikwanira. Mbiri yake ndi yosangalatsanso. Arena inayamba ngati gemu ya magulu omenyana m'bwalo, koma opanga anakopeka ndi tintchito tapambali timene ankaonjezera, mpaka bwalo lija linasowa, dzina lokha n'kutsala. Daggerfall ndiye inachita kunyanya: mapu ake ndi aakulu kuposa dziko lonse la Malawi, lomwe ndi masikweya kilomita 118,484, ndipo muli matauni, midzi ndi mapanga oposa 15,000.

Vuto n'lakuti malo ambiriwo anachita kupangidwa ndi kompyuta mongobwereza, ndiye mudzi uwu ndi uwo amafanana ngati nyumba za kampani. Mapanga ake ndi osokoneza koopsa. Phanga loyamba lenileni, lotchedwa Privateer's Hold, limadziwika ndi kuthamangitsa anthu atsopano asanaone n'kuwala kwa dzuwa komwe. Magemuwa anapangidwira MS-DOS, choncho mabatani ake ndi achilendo kwa munthu amene anakulira pa foni yogusa. Okonda gemuyi anaikonzanso mwaulere m'dzina la Daggerfall Unity, ndipo ndi yofewerapo kwambiri. Komabe ndi chakudya cha munthu amene wazolowera kale ndiwo zake. Muzidzabwerera kuno mukadzafuna kuona kumene zinthu zinachokera.

Skyrim: khomo la anthu ambiri

Ngati laputopu yanu ingathe, yambirani pa Skyrim. Sindikunena kuti ndiyo yoposa zonse. Ndikunena kuti ndiyo imadziwa kulandira mlendo.

Mumayamba muli pangolo, manja omangidwa, akupita nanu kukakudulani mutu m'tauni ya Helgen. Nkhwangwa isanatsike, chinjoka chouluka chimatera pansanja n'kuyatsa tauni yonse. Pothawa m'pamene gemu imakuphunzitsani kuyenda, kumenya, kutsegula maloko ndi kuvala zida, popanda kukuwerengetsani buku la malangizo. Mukatuluka kuphanga, dziko lonse lili pamaso panu: mapiri, nkhungu, mitengo ya paini. Aliyense amene anadutsapo ku Chikangawa m'mawa wa mwezi wa Juni aona ngati wafika kwawo, kungoti kuno kuli chipale.

Zimene zimaifewetsa ndi zinthu zing'onozing'ono. Anthu onse amalankhula ndi mawu, ndipo mutha kuyatsa mawu olembedwa pansi kuti Chingerezi chawo chisakudutseni. Pamwamba pa sikirini pali kamuvi kokulozerani kopita. Simukakamizidwa kusankha ntchito poyamba. Mukhoza kuyamba ndi lupanga, mawa n'kutola uta, osataya kanthu. Malo amene munafikako kale mumangodina pamapu n'kupezeka muli komweko, zimene zimathandiza zedi batire ikamatha. Adani akakukulirani mphamvu mumatsitsa kuvuta kwa gemu nthawi ina iliyonse, palibe amene akukuonani.

Nkhani yake ili pawiri. Zinjoka zimene anthu ankati ndi nthano chabe zabwerera, ndipo inu ndinu munthu wobadwa ndi mphamvu yozigonjetsa. Ife a dziko la Napolo, chinjoka chimene agogo amati chikamasamuka kuphiri chimakokolola midzi, nkhani yotere siitivuta kuilowa. Mbali inayo ndi nkhondo yapachiweniweni: ena akufuna kukhalabe pansi pa ufumu waukulu, ena motsogozedwa ndi Ulfric Stormcloak akufuna kudzilamulira chifukwa awaletsa kupembedza mulungu wawo Talos. Gemu siikuuzani kuti olungama ndi ati. Mukamvetsera mbali zonse mupeza kuti aliyense ali ndi mfundo komanso ali ndi litsiro lake.

Malangizo awiri aulere. M'mudzi woyamba wa Riverwood muli nkhuku zoyendayenda. Musaphe. Ndi za eni ake, ndipo mudzi wonse udzakutulukirani ndi zikwanje ngati mmene zingakhalire kwathu kuno. Chachiwiri, zimphona zoweta njovu zaubweya kufupi ndi Whiterun musaziyandikire mukadali wofooka. Chibonga chimodzi chokha chimakutumizani kumitambo.

Todd Howard, amene anatsogolera ntchito yopanga gemuyi, ananena mu 2023 kuti makope ake ogulitsidwa anali atadutsa 60 miliyoni. Phindu lake kwa inu ndi lakuti paliponse pamene mungakakamire, wina anakakamirapo kale n'kulemba yankho. Inatulukanso pa PlayStation 3 ndi Xbox 360, ndiye ngati kunyumba kuli makina amenewa ongogonera mpira, chimbale chake chikhoza kuwapatsa ntchito ina.

Oblivion: ngati Skyrim yakana

Laputopu ikalephera Skyrim, Oblivion ya 2006 ndiyo yotsatira. Nayonso ili ndi kamuvi kolozera njira ndi anthu olankhula. Imayambira m'ndende, mmene mfumu yaikulu Uriel Septim VII ikudutsa pothawa adani. Isanaphedwe imakusiyirani mkanda wachifumu kuti mukapereke, ndipo posakhalitsa mumapezeka mukufunafuna mwana wake wobisika, Martin, pamene zipata za dziko la ziwanda zikutseguka paliponse. Mawu a mfumuyo ndi a Patrick Stewart, a Martin ndi a Sean Bean, amene okonda Game of Thrones amamudziwa ngati Ned Stark.

Mphamvu ya Oblivion ili pa ntchito zapambali. Nkhani za gulu la akuba ndi za gulu la zigawenga zobisika ambiri amati ndi zolembedwa bwino kuposa za mu Skyrim. Chofooka chake n'chakuti adani amakula limodzi nanu. Mukakweza levulo chifukwa cha luso losathandiza pankhondo, monga kulumpha kapena kunenerera mitengo, mumadzapeza kuti mbava wamba zapamsewu zavala zida zodula ndipo zikukuposani. Mankhwala ake ndi osavuta: pakati pa maluso anu akuluakulu pakhale a nkhondo amene mukuwagwiritsadi ntchito, ndipo zikathina tsitsani kuvuta kwa gemu. Nkhope za anthu ake zimaoneka ngati mbatata yophika, koma pakatha masiku awiri mumazolowera.

Morrowind: imene imalankhula za ife

Pa zisanu zonsezi, imene ndimaikonda ndi Morrowind. Ndi yopepukanso kuposa Oblivion ndi Skyrim. Komabe munthu watsopano ndimamuchenjeza kaye, chifukwa iyi siinyengerera.

Mumatsika m'ngalawa padoko laling'ono la Seyda Neen, pachilumba cha Vvardenfell. Amakumasulani, amakupatsani phukusi, n'kukuuzani kuti mukalipereke kwa mkulu wina dzina lake Caius Cosades m'tauni ya Balmora. Kumene amakhala sakuuzani. Amangoti mukafunse ku bala yotchedwa South Wall. Palibe kamuvi. Zimene anthu akuuzani zimalembedwa m'kabuku kanu, ndipo njira amalongosola ndi pakamwa: woloka mtsinje, ukwere masitepe, nyumba yakumapeto.

Osewera a kunja ambiri amadandaula nazo zimenezi. Ine zimandiseketsa, chifukwa ndi mmene timalozerana njira ku Masasa tsiku ndi tsiku. Kuno nyumba zili m'mapiri ndi m'zigwa, tinjira tilibe mayina. Mlendo timamuuza kuti akatsika kabaza pamsika atsetsereke mpaka pa kiyosiki ya madzi, akhotere kumanzere pa mtengo wa mapeyala, akafika pa tchalitchi cha malata afunse. Ndipo amafika. Munthu wokulira m'dera lotere ali kale ndi luso limene Morrowind imafuna: kumvetsera, kusunga zizindikiro m'mutu, ndi kusachita manyazi kufunsanso. Mayendedwe ake ndi a pa depoti. Mumalipira woyendetsa chilombo chachitali miyendo chonga nthata, chotchedwa silt strider, chimakusiyani tauni yotsatira, pamenepo mumafunsa ngati pali bwato lopitirira.

Chimene chimandigwira mtima ndi dziko lakelo. Eni nthaka, a mtundu wa Dunmer, ali pansi pa ufumu wachilendo umene unamanga malinga a asilikali ndi kubweretsa malamulo ake, chipembedzo chake ndi kampani yake yamalonda, East Empire Company, yogwira chuma cha m'migodi. Amene anaphunzira mbiri ya dziko lino akumbukira African Lakes, kampani ya ku Glasgow ya 1878 imene makolo athu ankaitcha Mandala. Eni nthakawo nawonso agawikana. Nyumba ya Hlaalu ikudya nawo ndi atsamunda, ya Redoran ikuumirira ulemu wa makolo, ya Telvanni ikungofuna kuti aliyense aisiye. Kuchipululu cha phulusa kuli mafuko osamukasamuka amene amasunga maulosi akale kudzera mwa amayi anzeru. Mabanja amasunga phulusa ndi mafupa a makolo m'manda a banja, ndipo mizimu imalondera pamenepo. Mukalowamo kukaba, musadabwe.

Muli ukapolo. M'minda ikuluikulu mumapeza anthu a mitundu ina atavekedwa zibangili za ukapolo, ndipo eni minda amati ndi mwambo wawo, alendo asalowerere. Mukapeza kiyi mukhoza kuwamasula. Kwa ife a kumpoto, kumene Mlozi ankagwira anthu ku Karonga mpaka anagonjetsedwa mu 1895, zimenezi sizimveka ngati zopeka kwenikweni. Ndipo inuyo, kulikonse kumene mungapite, amakutchulani obwera. Ngakhale mutasankha kukhala wa mtundu wa Dunmer, amakuuzani kuti munabadwira kunja, simuli mwana wa pano. Amene anasamukirapo dera la chilankhulo china, kaya Mchewa wofika ku Mzuzu osadziwa kuyankha monire, kaya Mtumbuka wofika ku Ndirande, kaya m'bale wathu ali ku Johannesburg, akudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Nkhani yaikulu ndi yakuti mfumu yachilendo ija yakutumizani chifukwa mukufanana ndi munthu wa mu ulosi wa eni dziko, ndipo ikufuna kupindula nawo ulosiwo. Kaya ndinudi munthuyo kapena mwangovala malaya ake, gemu imakusiyirani kuti muganize nokha.

Zovuta zake nazi. Zokambirana zambiri ndi zolembedwa, ndiye muziwerenga Chingerezi chochuluka ndithu. Kwa wina chimenechi ndi chipsinjo, kwa wina ndi sukulu yaulere ya mawu atsopano. Kumenya kwake kumatsata madayisi obisika: mukhoza kuona lupanga likudutsa pamutu pa mdani koma osamupweteka, chifukwa luso lanu pa chida chimenecho ndi lochepa. Gwiritsani ntchito chida chimene munasankha popanga munthu wanu, ndipo musalowe ndewu mutatopa ndi kuthamanga. Kamzere kobiriwira kakatsika, mikwingwirima yonse ndi yanu. Poyamba mumayenda pang'onopang'ono ngati mukukwera chitunda mutasenza ndowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati ndinu munthu wokonda mabuku, kapena laputopu yanu ndi yofooka kwambiri, mutha kuyambira pano ndithu. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa OpenMW imene imathandiza kuti gemuyi iziyenda bwino pa makompyuta a masiku ano, koma imafuna mafayilo a gemu yeniyeniyo.

Kuipeza kwake

Tisanamizane, magemu ambiri kuno amayenda pa fulashi, kuchoka kwa mnzako kupita kwa mnzake. Zifukwa zake tikuzidziwa. Masitolo a pa intaneti monga Steam ndi GOG amagulitsa m'madola, amafuna khadi yolipirira kunja, ndipo chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola iliyonse imapweteka. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gemu yobedwa nthawi zambiri imakuuzani kuti muzimitse antivayirasi kuti ilowe, ndipo simudziwa china chimene chalowa nayo. Ngati laputopuyo ndi imene muli pulojekiti yanu ya chaka chomaliza, kapena ndi ya mlongo wanu imene amagwirira ntchito, mwaika pachiswe chinthu chachikulu kuposa gemu.

Njira yabwinoko ilipo. Magemu akalewa amatsika mtengo kwambiri pa nthawi ya seli, makamaka chakumapeto kwa Juni ndi kwa Disembala. Ngati muli ndi m'bale kunja amene amafunsa chimene angakutumizireni, mphatso iyi ndi yotchipa kuposa nsapato. GOG ili ndi ubwino wina: imakupatsani fayilo yoikira gemu imene mungasunge pa fulashi yanu, ndiye laputopu ikadzafuna kufomatidwa simudzagulanso bandulo. Dawunilodi ichitike usiku pamene mabandulo amatsikirako mtengo, kapena pamalo pamene pali Wi-Fi yololedwa. Mukakakamira, tsamba la UESP, limene okonda magemuwa akhala akulemba kuyambira 1995, ndi la mawu okhaokha ambiri, ndiye silidya bandulo ngati mavidiyo.

Nanga amene ali ndi foni yokha? Magemu asanu aja sanatulutsidwe mwalamulo pa foni, ndipo amene ali pa Play Store ndi dzina la The Elder Scrolls ndi a mtundu wina. Mukaona fayilo yolembedwa kuti Skyrim ya Android, ithaweni. Ngati mukufuna RPG yakale yeniyeni pa foni, Baldur's Gate ya 1998 anaikonzanso ndipo ilipo pa Android, ngakhale zilembo zake zimaoneka bwino pa tabuleti. Magemu asanu ndi limodzi oyambirira a Final Fantasy aliponso, ndipo nawonso nkhani zake n'zosalumikizana.

Za pakhomo

Ambiri a ife tikukhalabe ndi makolo kapena achibale, m'nyumba zimene sikirini ya munthu mmodzi imaonedwa ndi onse. Mayi akaona munthu akutulutsa moto m'manja ndi mafupa akuyenda okha, funso la ufiti lidzabwera basi. Musawaseke. Afotokozereni kuti ndi nthano, ngati zija ankatisimbira okha za kalulu wolankhula ndi zimphona zodya anthu, ndipo aonetseni mbali zina: kusula, kugula nyumba, kuthandiza mlimi amene zilombo zamuvutitsa. Ngati chikumbumtima chanu kapena chawo sichikulola za matsenga, gemu imatheka ndi lupanga ndi uta, ngakhale adani amatsenga muzikumana nawobe. Akakana ndithu, nyumba ndi yawo.

Pa ana ndiye pasakhale kukambirana. Ku America, Skyrim ndi Oblivion anaziika m'gulu la zaka 17 kupita m'tsogolo chifukwa cha magazi ndi nkhanza, pamene Morrowind ndi ya zaka 13 kupita m'tsogolo. Mng'ono wanu wa Sitandade 5 akhale pa mpira womwewo.

Chinanso ndi nthawi. Magemuwa satha msanga, ndipo anapangidwa kuti mukamapita kukachita chimodzi mukumane ndi zina zitatu panjira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ngati mayeso ali pafupi kapena mukusaka ntchito, dikirani holide, kapena dziikireni lamulo loti mumasewera pokhapokha za tsikulo zatha. Anzanga ena amati batire ikatha, gemu yathanso, sabwerera pa chaja mpaka mawa. Ndi lamulo labwino.

Ndiye tiyambire pati?

Laputopu ya RAM ya GB 4 kapena kuposa, kapena PlayStation 3 ili pakhomo: Skyrim ya 2011. Ikakana, Oblivion ya 2006. Ngati mumakonda kuwerenga ndipo kusochera sikukukwiyitsani, Morrowind, ngakhale pa makina okalamba chotani. Mukamaliza imodzi, bwererani m'mbuyo sitepe imodzi. Mudzapeza kuti yakale iliyonse imakuthandizani mochepa koma imakupatsani ufulu wochuluka. Daggerfall ndi Arena zikhale zomalizira.

Ikani imodzi yokha. Popanga munthu wanu musataye usiku wonse posankha mphuno; mitundu ilipo khumi, kuphatikizapo a Redguard, akhungu lakuda ngati ife ndiponso akatswiri a lupanga, ndipo uliwonse ungamalize gemu. Ipatseni madzulo atatu musanaweruze. Ndipo phunzirani batani la F5 tsiku loyamba lomwelo. Limaseva pomwe mwafika, F9 imakubwezerani pomwepo. Muzidina F5 musanalowe phanga lililonse, musanayambe ndewu, komanso nthawi iliyonse imene babu yaphethira.